Sensa ya knock yasinthidwa kawiri koma nyali ya Check Engine yabwereranso: muyambire pati?

Galimoto ikabwera ku galaja kachitatu ndi khodi yomwe ija ya P0325, sensa itasinthidwa kale kawiri, kugula sensa yachitatu n'kumwaza ndalama. Khodi imeneyi imangonena kuti kompyuta ya injini sikumva bwino zochokera ku sensayo. Pakati pa sensa ndi kompyuta pali bawuti, pali malo amene sensa yakhalapo pa buloko, pali soketi, pali waya wautali wodutsa pamalo otentha, ndiponso mapini a kompyutayo. Chilichonse mwa zimenezi chikavuta, khodi imatuluka yofanana ndendende. Nkhaniyi ikutenga injini za Toyota zomwe zadzaza m'misewu mwathu, 1NZ-FE ya mu Probox, Sienta, Axio ndi Fielder, komanso V6 ya 1MZ-FE ya mu Harrier yakale, koma kaganizidwe kake kamagwira ntchito pa injini ya petulo iliyonse.

Mawu akewa amasokoneza, choncho tiyambe tawalongosola. Kwathu kuno tikati injini yanoka timatanthauza kuti mabeyaringi a kulankishafti adyeka, injini ikulira ngati munthu akusula khasu, ndipo chatsala n'kuiphwasula. Kugogoda (knock pa Chingerezi) kumene sensayi imamvetsera n'kwina. Pulagi ikayatsa, moto umayenera kuyenda mwadongosolo kuchokera pa pulagi kukafika m'mphepete mwa silinda. Koma mafuta ndi mpweya zotsalira kumphepeteko zikapanikizika n'kutentha mopitirira, zimaphulika zokha moto usanazipeze. Kuphulikako kumanjenjemeretsa buloko maulendo pafupifupi 6,000 mpaka 8,000 pa sekondi pa injini zambiri za magalimoto ang'onoang'ono. Ku khutu kumamveka ngati timiyala tikugwedezedwa m'chitini, makamaka pokwera chitunda muli pa giya yaikulu. Kukapitirira kwa nthawi, kumathyola timizere togwira maringi pa pisitoni, kumadya mutu wa pisitoniyo, n'kuwotcha gasiketi ya hedi.

M'kati mwa sensa muli kachidutswa ka seramiki kamene kakafinyidwa kapena kunjenjemera kamatulutsa magetsi ochepa kwambiri. Kompyuta ikamva kugogoda imachedwetsa nthawi yoyatsira pulagi ndi madigiri angapo, kugogoda kukasiya imabwezera pang'onopang'ono. Ikasiya kumva sensa, siyerekeza: imachedwetseratu moto mpaka pothera kuti iteteze mapisitoni. Ndiye chifukwa chake galimoto imakhala yolemera, imamwa mafuta, ndipo kupitirira thiraki pa M1 kumakhala ngati mukukoka ngolo. Pa Harrier ya 1MZ-FE palinso chizindikiro china chomwe chasocheretsa anthu ambiri: giya yachinayi imakana kulowa, ndipo ena amakatsitsa giyabokosi yabwinobwino.

Musanagwire sipanala, dziwani mtundu wa sensa yomwe muli nayo, chifukwa kayezedwe kake n'kosiyana. Mtundu wakale uli ndi waya mmodzi ndipo umadzipotera wokha m'buloko ngati bawuti. Unachunidwa kuti uzimva liwu limodzi lokha, logwirizana ndi kukula kwa silinda ya injini imeneyo: silinda ikakula, liwu la kugogoda limatsika. Mtundu watsopano ndi wathyathyathya, wobowoka pakati, wa mawaya awiri, ndipo umamangidwa ndi bawuti kapena nati yodutsa pabowopo. Umenewu umamva mawu ambiri, kuyambira pafupifupi 6 mpaka 15 kHz, n'kusiyira kompyuta ntchito yosefa. Injini za 1NZ zoyambirira zili ndi wakalewo, zapambuyo pake zili ndi watsopanowu. Apa ndi pomwe magalimoto oikidwa injini ina yogula pa hafukati (galimoto yodulidwa pakati yogulitsidwa ngati zipangizo) amakodwa: injini yabwera ndi sensa ya mtundu wina, kompyuta ndi mawaya ndi za mtundu wina, wina n'kungolumikiza kuti soketi ilowe. Galimoto yotere khodi yake sidzatha mpaka sensa igwirizane ndi kompyuta. Funso loyamba kwa mwini galimoto likhale lakuti, "Injiniyi ndi yomwe inabwera nayo?"

Kenako werengani khodi yeniyeni, osaifufuta. P0325 ndi ya sensa yoyamba, P0330 ndi ya yachiwiri pa injini za V6 ndi V8. P0327 imanena kuti magetsi ochokera ku sensa yoyamba atsika kwambiri, P0328 imanena kuti akwera kwambiri. Anzake a sensa yachiwiri ndi P0332 ndi P0333. Magalimoto ena akale a Toyota ochokera ku Japan sayankhulana ndi timakina totsika mtengo tolumikiza ku foni. Pa amenewo, lumikizani pini 4 ndi pini 13 pa soketi ya mapini 16 ija ya pansi pa chiwongolero, tsegulani kiyi, muwerenge kuphethira kwa nyali: 52 ndi sensa yoyamba, 55 ndi yachiwiri. Ngati makina anu akuonetsa chithunzi cha mmene injini inalili pamene khodi inalembedwa, kopani manambalawo papepala: liwiro la injini, kutentha kwa madzi, kulemera kwa katundu wa injini. Khodi yolembedwa injini itatentha kufika 90°C imaloza waya kapena soketi yomwe imalekana ikafufuma ndi kutentha. Yolembedwa m'mawa injini yozizira, kapena tsiku lomwe galimoto yachoka kotsukitsa, imaloza chinyezi. Yobwera kiyi atangotsegulidwa, injini isanalire, imaloza waya woduka kapena wogundana.

Pa sensa ya mawaya awiri, Toyota inatipeputsira ntchito. Kompyuta imatumiza 5 V kudzera pa rezisita yake, ndipo m'kati mwa sensa muli rezisita ina yofanana nayo, ya pafupifupi 200 kΩ. Ziwirizi zimagawana magetsi pakati, choncho zonse zikakhala bwino, waya wotengera uthenga wa sensa ku kompyuta, wotchedwa KNK1, umakhala pafupi ndi 2.5 V. Waya ukaduka kapena soketi ikalekana, palibe wogawana naye, magetsi amakwera kupitirira 4.5 V, n'kutuluka P0328. Waya ukasupuka n'kukhudza chitsulo cha injini, kapena mawaya awiriwo akagundana, magetsi amatsika pansi pa 0.5 V, n'kutuluka P0327. Khodiyo yakuuzani kale ngati mukusaka poduka kapena pogundana.

Mayeso ake ndi atatu, ndipo atsatane motere. Zulani soketi ya sensa, ikani matimita pa muyeso wa 2 MΩ, muyeze pakati pa mapini awiri a sensayo: iyenera kuonetsa pakati pa 120 ndi 280 kΩ pa kutentha kwa 20°C. Musagwire nsonga za mita ndi zala, chifukwa thupi lanu nalo limadutsitsa magetsi ndipo pa muyeso waukulu chonchi limatsitsa nambala. Kachiwiri, soketi ikadali yozula, tsegulani kiyi osaliza injini, muyeze mbali ya galimoto pakati pa mapini awiriwo: muyenera kupeza 4.5 mpaka 5.5 V. Mayeso achitatu ndi omwe ambiri amadumpha, pomwe ndi amene amagwira mbava. Bwezerani soketi ya sensa, chotsani waya wa negetivu pa batire, zulani soketi ya ku kompyuta, muyeze pakati pa KNK1 ndi EKNK (waya wachiwiri wa sensa, wa ethi) kuchokera kumeneko. Nambala iyenera kufanana ndi yomwe munapeza pa sensa penipeni. Mita ikadali pomwepo, mnzanu azigwedeza mtolo wa mawaya chigawo ndi chigawo, kuyambira pa sensa, kudutsa pansi pa manifodi, mpaka polowera m'kati mwa galimoto. Nambala ikadumpha ngakhale kamodzi, pamene dzanja lili ndi pomwe pali vuto. Ngati khodi imabwera injini ikatentha, bwerezani mayeso omwewa mutangozimitsa injini yotentha, kapena wombani soketi ndi chowumitsira tsitsi uku mukuyang'ana mita.

Manambala amenewa ndi a Toyota. Masensa ambiri a Nissan amaonetsa pakati pa 500 ndi 620 kΩ, a Subaru nawo amakhala chapomwepo, pamene a V8 za General Motors za m'ma 2000 amaonetsa pafupi ndi 100 kΩ. Kuyeza sensa ya Nissan ndi nambala ya Toyota kumataitsa chinthu chamoyo.

Sensa ya waya mmodzi ndi yovutirapo, chifukwa ya Toyota ilibe rezisita m'kati. Pakati pa pini ndi thupi la sensa pasamadutse magetsi; mita ikaonetsa zochepera 1 MΩ, yafa. Koma kupambana mayeso amenewa sikutsimikizira kuti imamva. Kompyuta nayo singadziwe kuti waya waduka injini ili chiimire. Imadikira kuti injini ithamange kupitirira pafupifupi 2,000 rpm, pamene phokoso la masiku onse la mavavu ndi mapisitoni liyenera kumveka ku sensa, ndipo ikamva zii ndi pomwe imalemba P0325. Ichi ndicho chifukwa chake galimoto imachoka ku galaja nyali itazima, aliyense akumwetulira, n'kukayaka isanafike pa rawundiabauti yachiwiri. Kuti muone ngati sensa ikumva, ikani mita pa AC millivolt, nsonga imodzi pa pini, ina pa buloko, mugogode buloko pafupi ndi sensa ndi sipanala yaing'ono. Osamenya sensa yeniyeniyo. Nambala iyenera kudumpha pa kugogoda kulikonse. Mita yotsika mtengo imachedwa kutsatira magetsi othamanga chonchi, motero ikapanda kudumpha musafulumire kuweruza. Osilosikopu, kachipangizo kojambula mafunde a magetsi pa sikirini, ngakhale kakang'ono ka m'manja, ndi kamene kamaonetsa zoona.

Tsopano waya weniweniwo. Magetsi a sensa ndi ochepa kwambiri moti waya wake amaukutira ndi ukonde wa tizingwe tachitsulo kuti phokoso la magetsi a makoyilo, mainjekita ndi altineta lisalowe. Ukondewo umalumikizidwa ku ethi mbali imodzi yokha. Makoswe amakonda kumanga chisa pansi pa manifodi chifukwa n'kofunda, makamaka galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga. Mukawalitsa tochi n'kuona zikhokho za mtedza, tizidutswa ta saka ndi zitosi zakuda pamwamba pa buloko, mwadziwa kale. Vuto limakula pokonza: wina amadula podyedwapo, n'kulumikiza kachidutswa ka waya wamba wa nyali, n'kupotokola ndi zala, n'kukulunga tepi. Mita idzanena kuti waya walumikizana, koma ukonde wadukira pomwepo, kapena kazingwe kake kamodzi kapyoza tepi n'kukhudza waya wa pakati. Khodi imapita, patatha sabata imabwera. Kukonza koyenera n'kusintha chigawo chonse ndi waya wokutidwa ngati womwewo, kuwotcherera ndi soda waya wa pakati pawokha, ukonde pawokha, kulekanitsa ziwirizi ndi tichubu tofota ndi moto, n'kubwezera mtolo m'zogwirira zake momwe unkadutsa, kutali ndi mawaya a makoyilo. Pomwe pali kawaya kakafupi kogulitsidwa pakokha, monga pa 1MZ-FE, gulani katsopano.

Soketi iyang'aneni ndi diso la pafupi. Mapini obiriwira ngati ndere ndi chizindikiro cha madzi, ndipo madziwo amachokera kwinakwake: payipi ya mphamvu ya kotsukira magalimoto, kapena paipi ya madzi a rediyeta yomwe ikudontha pamwamba pake. Madzi a rediyeta akauma amasiya ufa woyera kapena wofiirira. Mukasintha sensa osatseka podonthapo, yatsopano idzawola chimodzimodzi. Kokaninso waya uliwonse pang'ono kumbuyo kwa soketi; pulasitiki yopsa ndi kutentha imasiya pini kubwerera m'mbuyo poilowetsa, n'kumangokhudza pang'ono. Kagwiriro ka soketi kakathyoka, musadalire tepi pamalo onjenjemera chonchi.

Kamangidwe ka sensa ndi komwe amakaniki aluso nawo amaphonya, chifukwa kamaoneka kachabe. Sensa imamva kudzera m'chitsulo, ngati munthu woika khutu pa njanji. Pansi pake pakhale poyera ndi pouma: popanda dzimbiri, utoto, girisi, silikoni kapena washa. Palani ndi kasandipepa kosalala, mupukute. Pa mtundu wathyathyathya wa Toyota, nati imamangidwa 20 N·m. Ikachepa, sensa imagwedezeka payokha n'kumatumiza phokoso labodza kapena kusamva konse. Ikapitirira, seramiki imafinyika mpaka kalekale kapena kung'aluka, ndipo nthawi zambiri mita imaonetsabe 200 kΩ yabwinobwino chifukwa ikuyeza rezisita, osati seramiki. Mtundu wodzipotera umafuna mphamvu yokulirapo, pafupifupi 40 N·m, malinga ndi buku la injiniyo, ndipo mazinga ake asakulungidwe tepi ya mapaipi chifukwa ethi yake imadutsa momwemo. Sipanala yoyeza mphamvu ndi yofunika pano, dzanja limanama. Soketi ya sensa iloze mbali yomwe buku likunena kuti isagunde manifodi kapena kukoka waya. Sensa yomwe yagwa pa simenti, ngakhale yatsopano yochokera m'bokosi, musaiike pamalo ofuna maola atatu kuti mufikepo.

Za masensa otsika mtengo tinene mosabisa. Msika wadzaza ndi ofanana ndi enieni, a m'mabokosi osindikizidwa bwino. Pa mtundu wa mawaya awiri ena amagwira ntchito. Pa mtundu wa waya mmodzi ndi pomwe pali misozi, chifukwa mazinga amalowa, soketi imalowa, koma kachunidwe ka liwu n'kolakwika kapena mphamvu yake ndi yochepa, ndiye kompyuta imati sikumva. Chimodzimodzi sensa yeniyeni yozulidwa pa injini ya mtundu wina. Tsatani nambala ya pati pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi, ndipo ngati ndalama zavuta, sensa yeniyeni ya Denso yochotsedwa pa injini yofanana ndi yanu ndi yodalirika kuposa yatsopano yosadziwika kwawo.

Pa V6 ya Harrier masensa awiri amakhala m'chigwa cha pakati pa mahedi, pansi pa manifodi, ndipo kufikako n'kuphwasula kwa theka la tsiku. Musanaphwasule, pali njira yomwe buku la Toyota lenileni limaphunzitsa. Kawaya ka masensawo kamathera pa soketi yofikirika kunja kwa manifodi. Zulani soketiyo, mugwiritse timawaya tiwiri kusinthanitsa: sensa yoyamba ipite ku waya wa yachiwiri, yachiwiri ku waya wa yoyamba. Fufutani khodi, lizani injini itatentha, muithamangitse kangapo kufika 4,000 rpm. Khodi ikasamuka kuchoka pa P0325 kupita pa P0330, vuto lili pansi pa manifodi. Ikakhala pomwepo, vuto lili pakati pa soketiyo ndi kompyuta, ndipo manifodi musaikhudze. Mukatsegula ndithu, sinthani zonse kamodzi: masensa onse awiri, kawaya, paipi ya madzi yodutsa m'chigwamo, ndi magasiketi a manifodi. Gasiketi yakale ikabwezedwa imayamwa mpweya, injini n'kuyamba kugogoda kwenikweni komwe kunalibe.

Nthawi zina sensa, waya ndi kamangidwe zonse zili bwino, koma injini ndi yolemerabe, ndipo pa makina mukuona kompyuta ikuchedwetsa moto nthawi zonse. Pa Techstream, pulogalamu ya Toyota yoyezera galimoto, manambala ake ndi Knock Feedback Value ndi Knock Correct Learn Value. Pamenepo sensa ikugwira ntchito yake; funsani chomwe ikumva. Chikhoza kukhala phokoso lachitsulo lomwe likuinamiza: chotchingira kutentha cha ekizozi chomasuka, bulaketi ya altineta kapena ya kompuresa yosamangitsa, mawunting'i ya injini yothyoka, tcheni cha taimingi chotayirira, kapena beyaringi yoyamba kudyeka. Chikhozanso kukhala kugogoda kwenikweni. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ambiri amamunamizira, koma ethanolo amakweza mphamvu ya petulo yokana kuphulika yekha. Woopsa ndi petulo wa m'zigubu wogulidwa m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa kwa mafuta, akasakanizidwa ndi palafini kapena dizilo, zomwe zimatsitsa kwambiri mphamvu ija yokana kuphulika, yotchedwa okiteni. Funsani komwe mafuta omaliza anathiridwa, ndipo ngati pali chikaiko, khuthulani thanki. Pambuyo pake onani mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya: Long Term Fuel Trim (nambala ya pa makina yoonetsa mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera) yopitirira +10% imaloza mpweya wolowera pambali, sensa yoyeza mpweya wolowa (MAF) yafumbi, pampu yofooka kapena mainjekita otsekeka. Onaninso rediyeta yotsekeka ndi matope a madzi a pa mjigo, fani yosazungulira, mapulagi a nambala yolakwika otentha kwambiri kunsonga, ndi mwaye wochuluka pa mapisitoni a injini yodya oyilo.

Pali njira yachidule yomwe imayenda pakamwa: kuika rezisita m'malo mwa sensa ya mawaya awiri, kapena kusamutsira sensa pa bulaketi ya pamwamba pomwe n'posavuta kufika. Pa magalimoto ena nyali imazimadi. Koma mwauza kompyuta kuti kuli bata pomwe yagonthetsedwa, ndiye imapititsa moto patsogolo mopanda mantha. Tsiku lomwe Probox yodzaza matumba idzakwera Chikwawa kupita ku Blantyre mu Okutobala, itamwa petulo wokayikitsa, palibe chodzaiteteza. Kuyenda ndi nyali yoyaka ndi injini yolemera kuli bwino kuposa pamenepo, chifukwa mapisitoni amakhala otetezeka. Rezisita ya 200 kΩ ili ndi ntchito imodzi yoyenera: kuiika kwa mphindi zochepa pa soketi, kiyi wotsegula injini yosalira, kuti muone ngati KNK1 ikhazikika pa 2.5 V. Ikakhazikika, waya ndi kompyuta zili bwino. Kenako muichotse.

Kompyuta imafa mwa kamodzikamodzi, ndipo ikhale yomaliza kuiganizira. Musanaiweruze, yang'anani mapini ake ngati alowa madzi, mumange mabawuti a mawaya a ethi pa hedi ndi pa buloko, muyeze kutsika kwa magetsi pakati pa negetivu ya batire ndi buloko injini ikulira, nyali ndi fani zoyaka: kusapitirire 0.1 mpaka 0.2 V. Ngati 5 V ija sikutuluka pa pini ya kompyuta penipeni pamene waya wa sensa wachotsedwa, apo ndiye mungakambe zosintha, podziwa kuti pa magalimoto okhala ndi imobilaiza (chitetezo chokana kiyi wachilendo) kompyuta yatsopanoyo iyenera kudziwitsidwa makiyi.

Mukamaliza kukonza, fufutani khodi ndi makina, musiye injini itenthe mpaka fani izungulire, mupite nayo pa msewu makina ali olumikiza. Ithamange pakati pa 2,500 ndi 4,000 rpm kwa mphindi zingapo, ikwere chitunda mutaponda mafuta ndithu, idutsenso pa msewu wa mabampu kuti mawaya agwedezeke. Zimitsani, dikirani mphindi khumi kuti kutentha kukwere pansi pa manifodi, muilizenso n'kubwereza ulendowo. Pobwerera musangoyang'ana nyali: tsegulani pa makina pomwe pamakhala makhodi odikira kutsimikizidwa. Pakakhala popanda kanthu maulendo awiri onsewo, ndipo moto ukupita patsogolo bwino poponda mafuta, itanani mwini galimoto adzatenge makiyi.